Nkhono za M'kabati

Lachinayi, 17 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Kodi anakhazikitsa ndani lamulo loti wamng'ono akaona cholakwa cha wamkulu azikachinena kuseri, motsitsa mawu, manja ali kumbuyo, ndipo wamkuluyo akakana kumva nkhani ithere pomwepo? Inu munandiphunzitsa, aphunzitsi anga onse anandiphunzitsa, amalume akhala akundimwetsa lamuloli m'mawa uliwonse ngati mankhwala a chifuwa, koma palibe amene anandiuzapo kuti limateteza ndani. Ine ndinkayesa limateteza akuluakulu okha, n'chifukwa chake ndinaliphwanya. Pepani kuti ndayamba ndi funso m'malo mwa moni. Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno thupi lili bwino.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, komanso ine ndikangomva mawu anu ndimayamba kunama. Nkhani ndi ya achimwene anu. Loweruka likubwerali afika kumeneko ndi katundu wawo yense, ndipo ndikuwadziwa, adzakuuzani kuti atopa ndi ntchito, apempha okha kupuma. Musakhulupirire. Achotsedwa, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera.

Muyambe mwamvetsa ntchito yathu, chifukwa nthawi zonse ndikati ndifotokoze mumangoseka kuti zaka zinayi za ku yunivesite zathera pa kuweta nkhono. Tizilombo ta likodzo ndi tinyongolotsi tophwathalala, ndipo sitingachoke mwa munthu kulowa mwa mnzake popanda kudzera mu nkhono zam'madzi. Mazira ake akagwera m'madzi amaswa, tianato timaboola thupi la nkhono n'kukamanga mudzi m'chiwalo chimene ife timangochitcha chiwindi. Chiwalo chomwechi n'chimene chimapanga timadzi togaya chakudya cha nkhonoyo, timene timati maenzaimu. Pakapita milungu ingapo tizilombo timatuluka mazanamazana, tili ndi timichira, kusakasaka khungu la munthu. Funso la labu yathu ndi lakuti, nkhono ikakhala ndi alendo otere m'chiwindi, chakudya chake chimagayika bwanji?

Gawo langa ndi kuswa chigoba, kuchotsa kachiwindi kochepa ngati njere ya mpunga, kukasinja m'kamtondo kagalasi pamwamba pa ayezi, kenako kuthira madzi ake mu sitachi. Sitachi akakumana ndi ayodini amachita buluu wakuda bii. Maenzaimu akakhala amphamvu, sitachi amatha msanga ndipo buluuyo amazilala. Akakhala ofooka, mtundu umakanirira. Makina amawerenga mtunduwo, ine ndimalemba manambala. Zaka 19 zapitazo a Pulofesa, mkulu wa labu yathu, analemba kuti mu nkhono yodwala mphamvu yogaya sitachi imatsika kwambiri mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Pepala limenelo ndi limene lawakweza ndege zaka zonsezi. Ana asukulu amaliloweza. Inenso ndinaliloweza, ndinalilemba pamayeso, n'kukhoza.

Za amalume mukudziwa kale kuti agwira zaka 27 m'chipinda cha nkhono, kunsi kwa masitepe. Amasintha madzi, amawiritsa letesi n'kumuyanika pasefa, amawerenga mazira, ndipo nkhono ikatsala tsiku limodzi kuti ife amaidziwa pongoiyang'ana mmene yakakamirira pagalasi. Ndi iwo amene anakandigwadira kwa a Pulofesa kuti ndilowe, ndipo miyezi khumi ndi inayi ndakhala ndikugona pabalaza pawo, m'nyumba ya ntchito ija. Dzina langa analiiwala kalekale. Amangoti a Phuma.

Chipindacho n'chachitali. Mbali ina kuli windo lalikulu, ndipo pansi pake pali shelefu ya mathanki agalasi a nkhono zabwinobwino. Mbali inayo kuli kabati yachitsulo, mmene mumakhala nkhono zodwala. Chifukwa chake n'chomveka: kuwala n'kumene kumatulutsa tizilombo m'thupi la nkhono, ndiye kuzisunga mumdima kumathandiza kuti tizituluka nthawi imene tikutifuna, osati pamene munthu wapisa dzanja m'madzi. Mkati mwa chitseko cha kabatiyo munali kapepala kolimba komatidwa ndi tepi, kofiirira ndi ukalamba, kolembedwa ndi dzanja la a Pulofesa lomwe ndimalidziwa ngati langa: "Zodwala zonse zisungidwe muno." Pansi pake anasainapo.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi amalume anapita kukachotsa dzino, ndiye ndinadyetsa nkhono ndine. Nditafika pawindo ndinaona kuti magalasi a mathanki abiriwira ndi ndere, ndipo pandereyo pali tinjira tokhotakhota pamene nkhono zadutsa zikunyambita. Letesi wa dzulo anali kuyandama osakhudzidwa. Nditatsegula kabati, magalasi anali mbee, opanda ndere ndi pang'ono pomwe, popeza mumdima ndere simera, ndipo letesi anadyedwa mpaka kutsala mitsempha yokha. Amayi, ndinakhala pansi pasimenti. Zaka 19 takhala tikuyerekeza nkhono zodya ndere usana wonse ndi nkhono zodya letesi wouma yekha, n'kumati kusiyana kwa maenzaimu awo kwabwera ndi tizilombo.

Sindinauze munthu. Ndinatenga nkhono zabwinobwino makumi atatu, n'kuziika m'thanki yakeyake m'kabati momwemo, kwa milungu isanu. Nditazisinja, buluu anakanirira pafupifupi ngati wa nkhono zodwala, chonsecho zinalibe kachilombo n'kamodzi komwe. Kusiyana kwenikweni kunalipo ndithu, koma kochepa, osati phompho limene a Pulofesa amajambula pabolodi. Ndinabwereza kuyezako kawiri. Kenako ndinatsika masitepe ndi pepala langa, mtima uli m'mwamba.

"Amalume, taonani izi."

Sanaliyang'ane n'komwe. Anapitiriza kuyala letesi pasefa.

"A Phuma, mwatulukira ndere? Tiitane atolankhani?"

"Ndiye kuti mumadziwa?"

"A Pulofesa ndinawauza chaka chachiwiri cha kabatiyu, iwe ukuyamwa chala. Anandifunsa kuti digiri yanga ndinaitenga kuti. Ndinati ndilibe, bwana. Anati ndiye tsukani mabotolo. Ndakhala ndikutsuka."

"Ndipo mwakhala chete zaka zonsezi? Ana akuloweza bodza, inu mukuwiritsa letesi?"

"Tamvera, mphwanga. Iwe ukufuna kalata ya a Pulofesa kuti upite kunja kukaphunzira, si choncho? Landira kalata yako, kwera ndege, ukabwere uli dokotala. Udzanene zimenezi uli ndi mpando wokhalapo. Nkhono sizithawa, ukuziona wekha mayendedwe ake."

Ndinawayankha mawu amene sindidzawalemba onse pano. Ndinati anthu ngati iwo ndi amene amachititsa kuti chilichonse chiziwolera pamalo amodzi. Anangoseka, n'kundituma kuti ndikatenge ndowa.

Kalata imene ankanenayo mukuidziwa, ndinakuuzani pa Khirisimasi. Malo ophunzirira aja safuna china koposa kalata yochokera kwa mkulu wa labu, ndipo mafomu amatseka kumapeto kwa mwezi uno. Popanda iyo ndikhoza kukalamba ndikusinja ziwindi za nkhono.

Musaganize kuti sindinayese njira yanu yaulemu. Ndinapita ku ofesi ya a Pulofesa katatu. Koyamba anati, "Siya patebulopo, mnyamata," maso ali pakompyuta. Kachiwiri ndinapeza pepala langa lili pomwe ndinalisiya, atakhazikapo kapu ya tiyi, manambala anga atazunguliridwa ndi dothi la kapuyo. Kachitatu a sekilitale anati abwana ali pamsonkhano, pamene ine ndinkawamva kuseri kwa chitseko akuseka pafoni. Miyezi itatu inatha choncho.

Pa 24 Seputembala kunabwera alendo atatu ochokera ku bungwe limene limathandiza labu yathu, motsogozedwa ndi mayi wina waimvi, wamaso akuthwa. Tonse tinasonkhana m'chipinda cha misonkhano. A Pulofesa anaonetsa chithunzi chawo chija cha mizere iwiri, wina kumwamba wina pansi, ndipo anthu anagwedeza mitu monga amachitira chaka ndi chaka. Mayiyo atafunsa ngati pali wofuna kuonjezerapo, ndinaimirira.

Apa ndiyenera kunena zoona. Ndakhala ndikudziuza kuti ndinaimirira chifukwa cha ana oloweza bodza ndi anthu odwala likodzo. Koma m'mawa wa tsikulo ndinasita shati yanga yoyera kawiri, ndipo mapepala amene ndinagawira alendo anali ndi dzina langa pamwamba m'zilembo zazikulu. Ndinkafuna mayi uja adziwe kuti kunsi kwa masitepe kuli munthu.

Ndinayankhula mphindi zisanu zokha. Ndinafotokoza za windo, za kabati, za ndere, ndi za nkhono zanga makumi atatu. Mayiyo anawerenga manambala anga akutsatira ndi cholembera, anakweza mutu, n'kufunsa funso limene ine, ndi nzeru zanga zonse, sindinaliganizirepo.

"Amasamala nkhonozi ndani?"

A Pulofesa sanatekeseke. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi pang'onopang'ono.

"Funso labwino kwambiri, mayi. M'mapepala anga onse ndinalemba kuti magulu awiriwa amasungidwa mofanana, ndipo amenewo ndiwo malangizo anga. Ngati kunsi kuja kwakhala kukuchitika zina, ndiye kuti inenso ndanamizidwa, ndipo ndikuthokoza mnyamatayu chifukwa chonditsegula maso."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Amalume anali ataima pafupi ndi chitseko, atavala khoti lawo loyera, atanyamula thireyi ya makapu, chifukwa tsiku la alendo ndi iwonso amene amagawa tiyi.

"Ndimasamala ndine, mayi," anatero.

Ndinakumbukira kapepala ka pachitseko nthawi yomweyo. Ndikanathamanga kukakatenga. Koma msonkhano utatha mayi uja anandiitanira pambali n'kuyamba kundifunsa za ntchito yanga, kuti ndinaphunzira kuti, ndikufuna kudzachita chiyani, ndipo ine ndinaima naye theka la ola ndikumwetulira. Pamene ndimatsika, pachitseko cha kabati panali patangotsala zipsera zinayi za tepi.

Ndinafika kunyumba ndikutukwana a Pulofesa kuti ndi mbava. Amalume anali akusenda anyezi.

"Usanamizire munthu. Ndakachotsa ndine, ndakang'amba."

"Mwapenga, amalume? Kanali umboni wanu!"

"Kanali umboni wako, woti ukaonetse mayi uja kuti ndiwe wanzeru kawiri. Ndiye chikanatsatira n'chiyani? Bungwe likanachoka, labu ikanatsekedwa. Tawerenga: woyendetsa galimoto, mayi wosesa, anzako awiri a m'labu aja, a sekilitale, tonse pamsewu, ndi iwe wemwe wopanda wokulembera kalata. Mwayatsa moto, a Phuma, ndiye pafunika chinthu choti chipse. Chimodzi n'chokwanira."

Ndinafuna kuti andikalipire, andiponyere mpeniwo, andithamangitse pabalaza pawo. Anangondiuza kuti ndiike madzi pamoto.

Patapita sabata a Pulofesa anandiitana. Kwa nthawi yoyamba anandilozera mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba sananene kuti mnyamata, anati mnzanga. Patebulo panali mapepala awiri. Loyamba linali umboni wopita ku komiti yoona za mwambo pantchito, wolembedwa kale m'dzina langa, wonena kuti pa nthawi yonse imene ndagwira ntchito m'chipinda cha nkhono sindinaonepo lamulo lililonse lochokera kwa mkulu wa labu loti nkhono zodwala zizisungidwa mumdima. Lachiwiri linali kalata yanga, yotayipidwa yonse, yongosowa siginecha. Sananene kuti ichi chidalira icho. Anthu ophunzira sanena zotere. Anangotenga kalatayo n'kuyamba kundiwerengera mokweza: kuti pa ophunzira onse amene awaona m'zaka makumi atatu palibe wa maso ngati anga, kuti ndine wolimba mtima, kuti dziko likusowa anthu otere. Amayi, chinthu chimene chikundiwawa n'chakuti ndinakondwera. Palibe munthu anandiyamikirapo chotero, ndipo ndinkafuna asasiye kuwerenga.

"Tenga masiku atatu, mnzanga," anatero. "Komiti ikumana Lachisanu."

Amalume anali atanena kale kwa komiti kuti kabati anaiyamba okha pofuna kudziteteza ku tizilombo. Koma m'komitimo munali mkulu wina amene sanakhutire, amene ankafunsa kuti wantchito wamba angasinthe bwanji dongosolo la labu zaka 19 bwana wake osatsikako ngakhale kamodzi. Munthu wina yekhayo amene anali ndi kiyi wa chipindacho ndi ine. Ndikanati kapepala ndinakaona, ndi siginecha yake yomwe, nkhani ikanatembenuka. Ndinawafunsa amalume kuti nditani, ndikuyembekeza kuti anena kuti saina, kuti mlandu ukhale wawo.

"Ine sindikuuzanso chochita," anatero. "Unandimvera liti?"

Masiku atatuwo ndinawathera ndikuwerengetsa mmene amalume anandiwerengetsera: woyendetsa galimoto, mayi wosesa, anzanga awiri. Ndinadziuza kuti amalume avomera kale, kuti ndikakana ndiye kuti ndawasandutsa abodza pamaso pa komiti, kuti ndikadzabwera ndili dokotala ndidzakonza zonse ndi kuyeretsa dzina lawo. Zifukwa zimenezi n'zabwino, ndipo mwina zina n'zoona. Koma pamene ndinagwira cholembera Lachinayi masana, sindinkaganiza za mayi wosesa.

Ndinasaina.

Komiti inagamula kuti achotsedwe chifukwa chonyalanyaza malangizo, ndipo nyumba aituluke pasanathe masabata awiri. Zaka 27 zathera m'ndime imodzi. Panalibe mwambo wotsanzikana, panalibe ngakhale tiyi, poti wogawa tiyi ndi amene amachoka.

Kusintha kumene ndinkakulira kwabwera, ndipo kwabwera msanga kuposa mmene ndinkalotera. Pawindo aikapo nsalu yakuda, mathanki onse ali pashelefu imodzi, nkhono zonse zikudya letesi wofanana. Bungwe lalemba kuyamikira a Pulofesa chifukwa chosabisa cholakwa chimene anachipeza m'labu mwawo. Tikulemba pepala latsopano lokonza lakale lija. Dzina lawo lili poyamba, langa pachiwiri. Anzanga awiri aja sakhalanso nane tebulo limodzi pa nkhomaliro. Mayi wosesa akafika pamene ndakhala amadumphapo, ndipo fumbi la pansi pa mpando wanga lafika poti ndingadzalemo letesi.

Munthu amene anamuika m'malo mwa amalume anathira madzi apampopi mwachindunji m'mathanki, ndipo tsiku limodzi tinataya nkhono makumi anayi. Amalume atamva, anavala khoti lawo n'kubwera, ngakhale kuti mlonda wa pageti anauzidwa kuti asawalowetse. Mlondayo anayang'ana kumbali. Anandiyendetsa thanki ndi thanki, chala chili pagalasi.

"Madzi azigona m'ndowa masiku awiri kuti mankhwala a mumpopi atuluke. Letesi osawiritsa mpaka kufewa, amawononga madzi. Izi zapakonazi zimakonda kukwera n'kugwera kunja, uziziyang'ana m'mawa uliwonse. Ukulemba kapena ukungondiyang'ana?"

"Amalume, ndimafuna ndinene kuti..."

"Lemba, a Phuma. Nkhono sizidya pepani."

Anandisiyira kiyi wawo pasefa ya letesi n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo timadya mbale imodzi, amandifunsa ngati mathanki ndasintha madzi, ndimayankha, basi. Makatoni adzaza pabalaza moti ndikugona pakati pa mapoto ndi mabuku awo a nyimbo. Ine andipatsa chipinda ku nyumba za ophunzira akuluakulu, chokhala ndi bafa yakeyake. A Pulofesa ndi amene anandipemphera chipindacho.

Tsono ndili ndi zopempha, ngati mukadali ndi khutu lomvera mwana wotere. Muwakonzere chipinda changa, osati kachipinda ka kuseri kaja kamene kamadontha. Mabuku anga muwaike m'katoni, kapena mupatse ana a achemwali ajambulemo. Pabedipo muikepo bulangeti lachiwiri, chifukwa zaka zonse zogwira madzi ozizira zawalowa m'mafupa ndipo sadzakuuzani. Tiyi wawo masiku ano ndi wopanda shuga. Tsiku loyamba musawafunse kanthu. Akadzanena kuti anapempha okha kupuma, muwalole amalize bodza lawo, chifukwa n'chinthu chokhacho chimene atuluka nacho chili chawochawo. Kalatayi musawaonetse. Ngati mukufuna kukalipa, nambala yanga ndi yomwe ija, ndipo ulendo uno sindidula.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, ndi ana onse; kamtsikana kaja mukauze kuti chigoba cha nkhono chimene ndinakalonjeza chili m'katoni ya amalume, anachisankha okha. Moni kwa amayi a pakhomo loyandikana amene amandipempherera kuti ndidzakwere ndege. Auzeni kuti mapemphero awo ndi amphamvu, achepetseko. Inuyo Mulungu akusungeni ndipo bondo lipole. Kwa achimwene anu musaperekeko moni wanga. Ndili nawo nyumba imodzi mpaka Loweruka, ndipo ndalephera kuwapatsa ndekha.

Kalata ya a Pulofesa ndinailandira dzulo, yosainidwa ndi yodindidwa. Ndinayenda nayo m'thumba la shati tsiku lonse, ndikudziuza kuti mwina ndiing'amba. Lero m'mawa, amalume akumanga zingwe pamakatoni, ndaitumiza pamodzi ndi mafomu onse, kutatsala masabata awiri athunthu kuti atseke.

Ndine mwana wanu,

Mzime